Chidede chomwe chinkadikira usiku

Chaka chimenecho anthu kuno amachikumbukira ndi kutentha, pomwe udzu wa m'mapaki unafiira ngati dambo la Okutobala kwathu. Ine ndimachikumbukira ndi kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, momwe munali njere za chidede cha amayi anga. Kabotoloko ndikadali nako. Mulibe kanthu, ndipo amene anathetsa njerezo ndine ndemwe, ngakhale alipo ena anandithandiza.

Malichi

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Romford, kuno ku Ulaya, kuyenda nyumba ndi nyumba pa basi. Chaka chimenecho kampani yathu inalemba anthu ochuluka kuposa ntchito, ndiye maola anayamba kugawidwa ngati nyama ya pamaliro. Sabata ino masiku anayi, sabata yamawa awiri. Lendi ya kachipinda kanga inalibe nazo ntchito zimenezo. Ufa ku sitolo ya amwenye unkakwera mwezi ndi mwezi, ndipo kamtolo ka repu kofota ankakatchula mtengo womwe kwathu ungagule nkhuku.

Amene anandimvera chisoni ndi mayi Tembo, Mzambia wa ku Chipata yemwe tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Iwo anali ndi dimba m'madimba aja a khonsolo obwereketsa, kuseri kwa njanji.

"Sisi, tengani half," anatero. "Ine musana wakana. Mulimeko tuma veji, vinthu vadula maningi."

Ndinabzala repu ndi anyezi ngati aliyense. Koma mtima wanga unali pa kabotolo kaja.

Amayi anali atamwalira chaka chapitacho. Nditapita kumaliro ku Nkhotakota ndinakapeza kabotoloko katatsomekedwa kudenga la khitchini. Chidede cha amayi sichinali chofiira chija chimene chili pamsika paliponse. Chinali cha phesi lobiriwira, masamba ake ogawanika ngati zala zisanu, chowawasa mwaulemu, chosagwira mano. Anachitenga kwa amayi awo ku Ntchisi. Amayi atadwala zaka ziwiri, mizere yawo inagonera, mbuzi zinamaliza zotsala, ndipo azichemwali anga ali m'tauni salima. Pa dziko lonse lapansi mbewu imeneyo inatsala m'kabotolo kamodzi, m'chikwama changa.

Amayi ankati mbewu sabzala yonse. Ndinamvera, ndinafesa theka m'timakapu ta yogati pawindo. Koma m'chipindamo ndinkazimitsa hita kuopa bilu, ndiye zonse zinawola osamera. Ndinakhala milungu itatu ndikuyang'ana dothi. Epulo atalowa ndinapsa mtima, ndinakhuthula zotsala zonse. Zinamera khumi ndi ziwiri. Ndinadziuza kuti palibe chodandaula, pokolola ndidzadzaza mabotolo khumi.

Meyi

Tinawokera kumapeto kwa Meyi, chisanu chitatha. Mayi Tembo anakhala pa kachidebe akundipatsira mbande. Anatenga tsamba limodzi n'kulitambasula pachikhatho.

"Iyi lumanda yanu ioneka monga vija vamene anyamata bakoka," anatero akuseka. "Mwaona ma fingers?"

Ndikanangoseka nawo basi. Koma tsikulo kunali kadzuwa kabwino, dothi linkanunkhira, ndipo ndinali nditatha zaka ndilibe munthu womuuza zakukhosi. Ndinawauza zomwe sindinauzepo munthu kuno. Bambo anga ankalima chamba m'mapiri. Chinandilipirira sukulu, n'zoona, koma chinawatengeranso kundende zaka ziwiri ndili fomu thu. Pa sukulu ankanditchula mwana wa fodya wamkulu. Dzina limenelo linanditsatira ku Kasungu, linanditsatira ku Lilongwe, ndipo ndinakwera ndege ndikuganiza kuti ilo lilibe pasipoti. Bambo ndinkawatumizira kangachepe, koma pafoni tinkangolonjerana n'kudula.

"Iyee, pepani sisi," anatero mayi Tembo, akundisisita kumsana. "Ivi vikhala pakati pa ise babili."

Ndinaiwala kuti bwenzi lako ndi la wina.

Juni

Juni ndiye unali mwezi wa njala yeniyeni. Sabata ina anandipatsa maola khumi ndi awiri okha. Ndinayamba kupita kolandira chakudya chaulere ku holo ina ya ku Harold Hill, kutali komwe sakundidziwa, n'kumabwera ndi zitini za nyemba, pasita ndi mkaka wa m'katoni. Munthu wazaka makumi anayi, woti kwathu amati ali ku Ulaya, kuima pamzere ndi kapepala m'manja. Ndinkachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu.

Kudimba n'komwe ndinkakapumira. Dzuwa la kuno mu Juni silifuna kulowa. Naini koloko kukadali kowala bwinobwino, ndipo folo koloko m'mawa latulukanso. Ndinkaliyamikira, chitsiru ine, kuti likundipatsa nthawi yolima ndikaweruka. Chidede chinkakula ngati chikuthamangitsidwa. Ndinkathyola masamba am'munsi okhaokha, n'kutendera ndi chiponde cha m'botolo. Tsiku loyamba kulawa ndinalira. Mkamwa munali amayi anga enieni.

Julaye

Kunatentha. Mvula inasowa milungu isanu, a madzi analetsa kuthirira ndi paipi, ndiye tinkatunga ndi makheni pa mpopi umodzi wa kugeti. Letesi wa azungu anapsa, nyemba zawo zinayoyoka maluwa. Ena anangosiya madimba awo. Chidede changa chokha ndiye chinkasangalala, chinandipitirira mutu, chobiriwira bii pakati pa minda yofiira. Aliyense wodutsa ankaima.

Mphekesera zinayambira kutchalitchi. Ndikalowa m'khitchini momwe amayi amakonza tiyi, nkhani inkaduka. Lamulungu lina mayi wina wa ku Zomba anandilonjera mokweza kuti, "Alimi afika. Business ikuyenda?" Anzake anaseka chamumtima akuyang'ana makapu. Kenako anandichotsa pa gulu lophunzitsa ana, ati andipumitse pakuti ndikuoneka wotopa.

Wina anakanena ku komiti ya madimba. Kunabwera mlembi wawo, mkulu wachizungu wotchedwa bambo Dennis, wovala kabudula ndi chipewa cha udzu. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa ntchito yathu ino dzina likangodetsedwa kupolisi, ntchito yatha, ndipo chitupa chokhalira m'dziko chimathera pomwepo. Mkuluyo anathyola tsamba, ananunkhiza, analuma, n'kukwinya nkhope chifukwa cha kuwawasa. Analoza foni yake pa mbewuyo, anawerenga, n'kuseka. Anati ndi ndiwo basi, anapepesa, n'kupempha kuti adzalaweko zophika.

Mzungu anamaliza mlandu m'mphindi zisanu. Anthu akwathu ndiye anali asanayambe n'komwe.

Ndinawapeza mayi Tembo akuthirira tomato.

"Mayi, zija ndinakuuzani zafika bwanji kutchalitchi?"

"Ine sininakambe kuti ni chamba," anayankha osandiyang'ana. "Ninangokamba chabe kuti mbeu inachoka ku nyumba ya atate banu. Manje banthu ba add vao. Nichite bwanji?"

"Koma inu mukudziwa kuti ndi ndiwo. Munadya nawo."

"Ma leaves afanana, sisi. Ine sindine expert."

Lamulungu lotsatira ndinaima pakati pa khitchini ya tchalitchi. Ndinawauza kuti chamba sichichita duwa lalikulu lachikasu la diso lofiira, koma chidede chimatero. "Ogasiti asanathe mubwere mudzaone ndi maso anu. Likapanda kutuluka munditchule chomwe mukufuna."

Ndinali nditawerengera. Kwathu amayi ankabzala mu Disembala, maluwa n'kutuluka mu Epulo. Miyezi inayi. Ine ndinafesa mu Epulo, ndiye Ogasiti. Komanso kutentha kunali kwa ku Nkhotakota kwenikweni. Ndinkadziwa, monga aliyense wokulira kumudzi amadziwira, kuti mbewu imamvera mvula ndi dzuwa.

Ogasiti

Ogasiti analowa, nafika pakati. M'mawa uliwonse ndisanakwere basi ndinkapita kukafufuza m'mphanda za nthambi. Masamba okhaokha. Ndinathira manyowa a nkhuku, chinangowonjezera msinkhu. Ndinasiya kuthirira kuti mwina chichite mantha, chinangofota masana n'kudzuka madzulo. Mayi Tembo anali atasiya kundilankhula zambiri, koma amayi awiri a kutchalitchi omwe anali ndi madimba chapafupi ankadutsa dala pa mzere wanga.

Loweruka lina masana bambo anaimba. Mchemwali wanga anali atawauza kuti kabotolo kaja ndinatenga ndine.

"Nabanda, ndamva wabzala chidede cha amako."

"Ndabzala, bambo."

"Wachita bwino. Ukakolola unditumizireko njere. Ndikufuna ndibzale kuseri kwa khitchini, pamene ankabzala pomwe paja."

Ndinayenera kungovomera. Koma zinali zitandikwana, ndiye ndinawauza kuti chikukana maluwa, chikungotalika ngati bulugamu, ndipo anthu a kutchalitchi akundisala.

Anandifunsa kuti, "Dzuwa likulowa nthawi yanji kumeneko?"

"Kukutentha kwambiri, bambo, kuposa kwathu."

"Sindinafunse kutentha. Ndati likulowa nthawi yanji?"

"Cha m'ma eyiti. Mu Juni linkafika naini n'kupitirira."

Anaseka kaseko kawo kaja ka m'mphuno, kamene ndinkadana nako ndili mwana. "Ndiye ukudabwa chiyani? Mbewu imeneyo sigona. Chidede sichiwerenga miyezi, mwana wanga, ndipo sichimvera kutentha. Chimamvera usiku. N'chimodzimodzi chija ndinkalima ine. Chobzala Disembala ndi chobzala Febuluwale zinkachita maluwa limodzi, usiku ukayamba kutalika. Ukukumbukira chidede chija chinamera pansi pa babu la pachigayo? Chinafika denga, osabereka ngakhale kamodzi."

Ndinkachikumbukira. Tinkati chinalodzedwa.

"Kumeneko usiku utalika liti?"

"Kumapeto kwa Seputembala."

"Nanga chisanu?"

"Novembala, kapena chifulumire."

"Sichikwanitsa," anatero. "Duwa lituluke, njere zikhwime, nthawi imeneyo palibe. Uchipangire usiku iwe mwini. Peza pulasitiki yakuda kapena mgolo. Sikisi koloko madzulo uvindikire, m'mawa uvundukule. Osati zonse, ziwiri zokha zikwana mbewu. Tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. Uyambe lero."

Pulasitiki yakuda inalipo, ya mayi Tembo yophimbira udzu, itapindidwa m'kashedi kosungiramo makasu. Nsungwi za tomato zinalipo. Maola ochepa antchito aja akanandipatsa mpata wobwera madzulo aliwonse. Zonse zinalipo.

Koma ndinaona m'maganizo mwanga chihema chakuda chitaima pakati pa madimba sikisi koloko, nthawi yeniyeni yomwe amayi aja amabwera kudzathirira. Ndinamva kale mawu awo. Onani, wayamba kubisa. Ndiwo zimavindikiridwa? Ndipo akanandifunsa kuti nzeru imeneyo ndaitenga kuti, ndikanati kwa yani? Kwa mlimi wa chamba wa ku Nkhotakota, wotuluka kundende. Zaka makumi awiri ndi zisanu za mkwiyo zinandibwerera nthawi imodzi.

"Zachamba zanuzo musandiphunzitse," ndinatero. "Zinatichititsa manyazi kokwanira. Chidede cha amayi chichita maluwa poyera, aliyense akuona."

Sanakalipe. "Chabwino, Nabanda," anatero. "Koma mbewu sidziwa manyazi."

Ndinadula foni. Madzulo amenewo ndinatsegula kashedi, ndinaigwira pulasitiki ija, kenako ndinamva mawu a amayi aja kugeti. Ndinaibweza pomwe inali.

Seputembala

Ogasiti anatha. Kutchalitchi sanandifunse n'komwe, ndipo kusafunsako kunkawawa kuposa kunyozedwa. Mayi wa ku Zomba uja anangoti tsiku lina, akupukuta mbale, "Kalendala ya kwa ena imachedwa." Ndinasiya kulowa m'khitchinimo. Mapemphero akatha ndinkatulukira khomo la m'mbali.

Mvula inabwerera. Anthu ankakumba mbatatesi, kuthyola maungu, kugawana tomato m'majumbo. Maola antchito anayamba kubwerera pang'ono chifukwa anzathu ena anali atathawira ku makampani ena. Njala ya m'mimba inachepa. Ine ndinali ndi nkhalango ya masamba yotalika kuposa mpanda, ndipo madzulo aliwonse ndinkayang'ana wotchi dzuwa likamalowa. Hafu seveni. Seveni. Ndinali nditayamba kuwerenga usiku monga bambo ananenera, koma sindinawaimbire.

Sabata yomaliza ya mweziwo, usiku utalingana ndi usana, ndinaona timatuza tating'ono m'mphanda za nthambi. Pa mbewu zonse khumi ndi ziwiri, tsiku limodzi, ngati zinapangana.

Okutobala

Timatuzato tinkakula mwaulesi chifukwa kunali kutayamba kuzizira. Bambo Dennis anaima pa mzere wanga m'mawa wina, manja m'thumba, n'kundichenjeza kuti chisanu sichili kutali, ndikumbe imodzi ndikaisunge m'nyumba. Ndinakumba yaing'ono pa zonse, yomwe inali yotalika ngati ine. Muzu wake unaduka. Ndinakwera nayo basi anthu akundiyang'ana, ndinaiika m'chidebe pawindo, ndipo patatha masiku anayi inayoyola masamba onse n'kuuma.

Ndinayesa kuphimba zotsalazo ndi nsalu yoyera yotchingira chisanu. Tsopano kuphimba kunalibe manyazi, pakuti dimba lililonse linali lophimbidwa. Ndinaseka ndekha mowawidwa mtima. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali nditanyowa kale.

Duwa linatuluka Lachiwiri la sabata yachitatu. Limodzi. Lachikasu chotuwa, diso lofiira pakati, lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Duwa la chidede limakhala tsiku limodzi lokha, ndiye ndinaimba kuntchito kuti ndichedwa. Ndinalijambula mbali zonse n'kutumiza pa gulu la amayi a kutchalitchi, osalemba mawu aliwonse.

Mayankho anabwera msanga. Timitima, timanja topemphera. "So beautiful." "Mulungu ndi wabwino." Mayi wa ku Zomba uja analemba kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti ndi chidede, agogo ake ankalima. Palibe anapepesa. Panalibe chopepesa, pakuti palibe amene ananenapo kanthu.

Masana mayi Tembo anabwera okha, atavala jekete lalikulu. Anawerama, analigwira duwalo ndi chala.

"Iyee, ni lumanda zoona!" anatero, nkhope ili mwee. "Ma flowers yabwino so. Sisi, mutisungileko mbeu. Next year tibyale tonse."

Ndinafuna kuwauza kuti njere zimafuna milungu isanu kapena isanu ndi umodzi ya dzuwa, ndipo milungu imeneyo ndinaiwotcha mu Ogasiti poopa pakamwa pawo. Koma pakamwa pawo sipanagwire dzanja langa tsiku lija m'kashedi. Ndinangoti, "Tiona."

Anatulukanso maluwa ena asanu ndi awiri mwezi usanathe. Ndinamangirira kaulusi kofiira pa lililonse kuti ndisalitaye.

Novembala

Chisanu chinagwa sabata yoyamba. Ndinadziwira pa magalasi a magalimoto oyera mbee ndikupita kokwerera basi. Nditafika kudimba nsalu ija inali yolimba ngati katoni. Pansi pake masamba anali atada, atalendewera ngati ndiwo zofutsa. Dzuwa litakwera, mzere wonse unayamba kununkha zowola.

Ndinathyola zibalobalo zisanu ndi zitatu zija za ulusi wofiira, ndinakhala pa kachidebe ka mayi Tembo n'kumazing'amba ndi chikhadabo chimodzichimodzi. Njere zinalimo. Zoyera, zofewa, ukazitsina zikutuluka madzi. Ndinaziyanikabe pawindo milungu iwiri. Zinanyala n'kusanduka mankhusu. Ndinafesa zina m'kakapu pafupi ndi hita, nditaiyatsa usana ndi usiku osaganizanso za bilu. Sipanamere kanthu.

Lamulungu lotsatira anandibwezera pa gulu lophunzitsa ana. Mayi wa ku Zomba anandithirira tiyi ndi dzanja lake.

Kumapeto kwa mwezi ndinaimba ku Nkhotakota. Aka kanali koyamba chiwadulire foni mu Ogasiti. Kumbuyo kwawo ndinkamva mvula ikugunda malata.

"Yayamba dzana," anatero bambo. "Yabwino, yolowa pansi. Nanga kumeneko?"

"Chinapsa ndi chisanu, bambo. Maluwa anatuluka, koma njere sizinakhwime."

Sananene kuti ndinakuuza. Ndikanakonda akanatero, ndikanapeza pokwiyira.

"Zimachitika," anatero. "Chaka chamawa udzavindikira. M'kabotolo munatsala zingati?"

Kabotoloko kanali m'dzanja langa. Ndinakagwedeza, ngati kuti mwina imodzi inakanirira pansi.

"Ndinabzala zonse."

Mvula yokha ndi yomwe inkamveka. Ndinaganiza kuti foni yaduka.

"Bambo?"

"Ndilipo." Anatsokomola. "Anthu aja akukulankhula tsopano?"

"Akundilankhula."

"Chabwino." Kenako anati, "Kungoti mizere ija ndinalima kale. Itatu, kuseri kwa khitchini. Ndinathiramo ndi manyowa a mbuzi."

"Mubzalemo china, bambo. Nkhwani kapena therere. Kapena chidede chofiira, pamsika chilipo."

"Ayi," anatero. "Ndi ya amako imeneyo. Ikhale choncho."

Dimba lija ndinalibweza kwa mayi Tembo chaka chisanathe. Mchemwali wanga akuti mizere itatu ija bambo amaipalirabe mvula ikagwa, ndipo mbuzi ikayandikira amaithamangitsa.